Chitsa Ndakuzulirani, Mwana Wanga Alowe M'kalasi

Mwana wanga amutulutsa m'kalasi kuti akazule chitsa cha bulugama. Mwandimva? Mwana wa Fomu 4, mayeso ali pakhomo, aphunzitsi amupatsa khasu ndi nkhwangwa ati akaphunzire chimuna. Ndakhala chete mokwana. Lero ndiyankhula pano pagulu lathu la makolo, ndipo wofuna kundichotsa andichotse, koma ayambe wawerenga mpaka kumapeto.

Kwa amene simundidziwa, ndine make Dalitso, wa ku laini yakumunsi, kufupi ndi fakitale. Ndimathyola tiyi. Sukulu sindiitchula dzina, mukuidziwa nonse, ndi sekondale yoyendera ija ya kuseri kwa mabulugama komwe ana athu a pa esiteti amapita. Aphunzitsi sindiwatchulanso, adzizindikira okha.

Ndiyambe ndi zimene mukunong'onezana kumpopi, kuti musavutike nazo. Eee, n'zoona. Dalitso anandiuza yekha chaka chatha, tikusenda chinangwa choyanika makaka. Anangoti, “Amayi, ine mtima wanga supita kwa atsikana. Umapita kwa anyamata anzanga. Ndayesetsa, zikukanika.” Mpeni unandigwa m'manja. Ndinalira, sindinama ayi. Ndine munthu wa kutchalitchi ine, ndipo mpaka lero sindikumvetsa zonse. Koma mwana ameneyu ndinamubereka ndine, ndinamuyamwitsa pansi pa mtengo dengu lili kumsana. Nkhani imeneyo ndi ya m'nyumba mwanga, ya ine, iyeyo ndi Mulungu. Kusukulu ndinamutumiza kukaphunzira, basi.

Ndipo amaphunzira. Funsani aliyense. Chiyambire Fomu 1 mwanayu nambala wani saiphonya. Anzake akumutcha “asisi” chifukwa cha mawu ake ndiponso poti sakonda mpira, iye amangoweramira m'buku. Akumuponyera makoko a nthochi, iye phee. Ndimamufunsa, amati, “Asiyeni amayi, ndikakhoza ndichoka kuno.”

Teremu ino zinanyanya. Anyamata atatu a m'kalasi mwake anayamba kumudikira panjira ya m'tiyi, kumutsekereza, kumugwiragwira, kumufunsa kuti mwamuna wake ndani. Ndiye pali madamu ena ophunzitsa za maluso a moyo, amene amauza ana tsiku ndi tsiku kuti, “Khomo langa ndi lotsegula, chimene mungandiuze chithera pompano.” Mwana wanga anawakhulupirira. Anapita Lachiwiri ataweruka, anawauza za anyamata aja. Madamu anamunyengerera bwinobwino, kumupatsa mpando, kumufunsa ngati zimene anzake amanenazo zili zoona. Iye poti ndinamulera wosanama, anavomera.

M'mawa mwake pa asembule, sukulu yonse ili ndondondo pamzere, madamu aja anaima kutsogolo ndi Baibulo. Akuti, “Ana inu, lero tipempherere mnzathu wina wa Fomu 4, wanzeru kwambiri, amene amakhala nambala wani, koma Satana wamuikira mzimu wofuna amuna anzake.” Anati onse atsinzine. Ndani anatsinzina? Maso onse anali pa Dalitso.

Nambala wani m'kalasi imodzi amakhalapo angati, abale?

Pa buleki anyamata atatu aja anamulanda chikwama. Makope ake onse, zimene wakhala akulemba chiyambire Fomu 3, anakaponya m'chimbudzi cha anyamata. Onse! Kenako mmodzi anamugwira buluku kuti amuvule, ati tione ngati ndiwe mwamuna. Dalitso anamukankha. Mnyamatayo anagwa n'kusupuka pachigongono, kabala koti nkhuku singaone n'komwe. Ndiye amene anatengeredwa ku ofesi ndani? Mwaganiza bwino. Wachiwiri kwa ahedi, amene ana amawatcha a depute, anagamula pomwepo: Dalitso wachita ndewu pasukulu, asalowenso m'kalasi mpaka atazula chitsa cha bulugama chakumapeto kwa bwalo.

Ine zonsezi sindinkadziwa. Mwanayu ankavala yunifolomu m'mawa uliwonse, n'kupita ngati akukaphunzira. Mpaka sabata kutha! Sukulu osandiitana, osatumiza ngakhale uthenga wapakamwa, pamene ndalama ya chitukuko ikachedwa amadziwa nyumba yanga ndi mtundu wa chitseko chomwe. Ndinazindikira Loweruka nditamutuma kukatunga madzi. Ndinaona akunyamula ndowa ndi mikono, zikhatho atazitambasula m'mwamba. Ndinati, “Iwe, tabwera kuno, ndione manja.” Mayo ine! Matuza okhaokha, ena ataphulika, nyama ili pamtunda. Ndinamupatsa cholembera kuti agwire. Chinagwa. Apo m'pamene anandiuza zonse, akuyang'ana pansi ngati wolakwa ndi iyeyo.

Lolemba ndinakapempha chilolezo kwa akapitawo kuti ndipite kusukuluko. Mukudziwa nonse nyengo ino, masamba achepa, anthu akuimitsidwa, wojomba ndiye amayambira kuchotsedwa. Akapitawo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, “Pitani, koma musazolowere.” Ndinafika pasukulu 7 koloko, chiperoni chili tsaa, nsalu yonse itanyowa. Ndinapempha kuonana ndi ahedi. Akuti apita kumsonkhano ku boma. A depute? Ali m'kalasi, khalani pabenchi. Ndinakhala. Belu linalira, ali m'kalasi ina. Linaliranso, akumwa tiyi. Ndinamva masupuni akulira m'makapu kuseri kwa khomo, akuseka chikhakhali, ine mano akugundana panja. Anandilowetsa itadutsa 10 koloko.

Polowa, chinthu choyamba kuona ndi chikho chonyezimira pamwamba pa kabati. Ndi chikho chija anabwera nacho Dalitso chaka chatha ku mpikisano wa mafunso wa sukulu za m'dera lino. Tsiku limenelo anamunyamula paphewa, a depute omwewa anandigwira chanza ndi manja awiri, ati mayi mwatilerera mwana. Chikho amachipukuta fumbi mpaka lero. Mwini wake ali kuthengo ndi nkhwangwa.

Ndinapereka moni mwaulemu, ndinagwada pang'ono monga timachitira. Ndisanamalize n'komwe, a depute akuti, “Mayi, nkhani iyi ndi yachimuna. Bwerani ndi bambo ake.”

Ndinati bambo ake anamwalira mwanayu ali Sitandade 2.

“Malume ake?”

Ndinati alongo anga ali ku Joni, akusaka moyo.

Anagwedeza mutu ngati dokotala amene wapeza matenda. “Apo ndiye pagona vuto. Mwana wamwamuna wokulira m'nsalu za amayi ake amathera pomwepa. Ife tikukuthandizani, mayi. Chitsa chimenecho chimulimbitsa, aphunzira chimuna.”

Aaa! Nsalu zanga? Nsalu zomwezi ndi zimene ndamangira fizi yake teremu iliyonse osadumpha. Nsalu zomwezi zimanyowa ndi mame kuyambira mbandakucha, minga ya m'tiyi ikundikala miyendo, kuti mwanayu akhale pa desiki lawo. Lero zasanduka matenda? Ndinadzigwira, poti ndinadzera mwana, osati mkangano.

Ndinafunsa kuti nanga anyamata atatu aja alandira chilango chanji. Akuti, “Amenewo ndi ana, ankangocheza.” Kuvula mnzawo buluku pagulu ndi macheza? Akuti musakuze nkhani. Nanga makope ali m'chimbudzi? Akuti akopere kwa anzake. Anzake ati? Omwewo amene akusuntha akakhala nawo pafupi? Ndipo akopera ndi manja ati? Apa a depute anatsamira kumpando, n'kutsitsa mawu. Akuti ndiziyamika kuti sukulu yachita chifundo, kwina nkhani ngati iyi amakaitula kupolisi.

Kupolisi! Mwana wachita chiyani? Wagwira ndani? Waba cha yani? Ananena zakukhosi kwa mphunzitsi wake, m'chipinda chotseka, atalonjezedwa kuti zithera pomwepo. Mlandu wake ndi umenewo.

Madamu aja analowa ali ndi choko m'manja. Ndinawafunsa maso ndi maso kuti, “Amayi, inunso ndinu wobereka. Mwana anabwera kwa inu akulira. Munachitiranji zimenezi?” Yankho lawo ndilemba monga anandiuzira. “Ine ndinachita mwachikondi, mayi. Katundu wolemera timasenzera limodzi m'pemphero. Komanso sindinatchule dzina.” Anamwetulira ndithu, ngati akudikira kuti ndinene zikomo. Ndinawafunsa kuti iwowo atakaulula zam'nyumba mwawo kwa abusa, Lamulungu n'kumva paguwa kuti tipempherere mayi wina wophunzitsa za maluso a moyo, angasangalale? Akuti zimenezo n'zosiyana. Sanandiuze kusiyana kwake.

Ndinati chabwino, kandionetseni chitsacho.

Anthuni, inu amene mumagwira ku nkhuni za fakitale mukudziwa chitsa cha bulugama wakale. Si chitsa cha nandolo. Anthu awiri kugwirana manja simungachizungulire. Mizu ngati ntchafu za munthu wamkulu, ina yolowa pansi, ina yothamangira uko. Esiteti yeniyeniyo ikadula mitengo imeneyi zitsa imangozisiya, ziphukenso zokha. Ndinapeza mwana wanga ali m'dzenje lofika m'mawondo, malaya a sukulu atawapachika panthambi kuti asade, manja atakulunga ndi masanza. Pomwepo mawu a aphunzitsi akumveka kuchokera m'kalasi, akubwereza za mayeso ndi anzake. Iye ankati akatema kawiri, n'kuima, khutu atatchera kuwindo. Ndinatembenuka kuti asaone nkhope yanga.

Ndipo musaganize kuti chitsacho anachisankha mwangozi. Akufuna kukuza bwalo la mpira, chitsacho chawatsekereza. Aganyu anawauza mtengo, iwo anaona kuti wakwera. Ndiye apeza waganyu waulere, mwana wa make Dalitso.

Ndinabwerera kwa a depute. Ndinati, “Bambo, nenani bwinobwino ndimve. Chitsa chikatuluka, mwana alowa m'kalasi?” Akuti, “Chikatuluka alowa. Mawu anga ndi amenewo.” Ndinawauza abwereze pamaso pa madamu aja. Anabwereza, akuseka. Dalitso ndinamutulutsa m'dzenjemo n'kupita naye kunyumba, manja akapole.

Sabata imeneyo ndinayenda khomo ndi khomo mu laini mwathu. Ena anandiyankhira pawindo. Ena akuti, “Ife za zimenezo ayi, tili ndi ana aamuna.” Mayi wina amene ndinamugonera kuchipatala akudwala anangoti ali ndi zochapa. Chabwino, ndaona. Koma Esime, mnzanga amene timathyola mzere woyandikana, anandimvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'chiuno. Kenako akuti, “Make Dalitso, ine za mwana wakozo sindizimvetsa, ndipo usandifunse. Koma Dalitso ndi amene ankakhala ndi mwana wanga pakhonde kumuphunzitsa masamu mpaka anakhoza Sitandade 8. Sanandilipiritse ngakhale mbatata. Nola nkhwangwa.” Iyeyo anakokanso amayi ena awiri.

Tinayamba Loweruka titaweruka kumunda. Amayi anayi, makasu, nkhwangwa ziwiri ndi piki yobwereka. Tinakumba, tinatema, nkhwangwa ikudumpha pamuzu ngati yamenya mwala. Esime anatukwana chitsacho m'Chilomwe cha agogo ake mpaka tonse tinakhala pansi ndi kuseka, misozi ili mbwee. Lamulungu tinachoka kutchalitchi molunjika, kungosintha nsalu. Dzenje linafika m'chiuno. Muzu wapakati ndinaudula ndine, nditagwada m'matope, msana ukulira. Tinalowetsa mtengo wautali pansi pake, tonse anayi n'kuutsamira, Esime akuwerengera. Koyamba zii. Kachiwiri chinagwedezeka. Kenako chinangoti gubudu, dothi lili fwaa kumaso. Tinachigubuduza bwalo lonse, kupuma, kugubuduza, kupuma, mpaka pakhomo penipeni pa ofesi. Tinachisiya pomwepo kuti asavutike kukachifuna.

Dzulo Lolemba ndinapemphanso kwa akapitawo. Anangolemba dzina langa m'buku lawo. Ndinasita yunifolomu ya Dalitso, ndinamugulira makope awiri atsopano. Panjira ankayenda patsogolo panga, akulankhula yekha za sayansi, kuyesa kukumbukira zimene zinali m'makope aja. Koyamba kumuona akufulumira chichitikire zimenezi.

Ahedi? Apitanso kumsonkhano. Ndiye mutiuze, ahedi amenewa alipodi, kapena ndi dzina chabe lolemba pachitseko?

A depute anafika, anaona chitsa, anachizungulira, anaseka. Akuti, “Wazula ndani?” Ndinati ine ndi anzanga. Akuti, “Ndiye sichiwerengedwa. Tinati azule yekha. Cholinga si chitsa, mayi, cholinga n'kumuwongola. Zitsa zilipo zambiri kumeneko, asankhe china. Ndipo ichi muchichotse pano, chikutchinga khomo.”

Apa ndiye ulemu unandithera, ndipo sindikupepesa. Ndinakuwa kuti sukulu yonse imve. Ndinati, “Bambo, munati chitsa chimaphunzitsa chimuna. Chazulidwa ndi ine, mkazi. Ndiye ndasanduka mwamuna? Tandiyang'anani, ndamera ndevu? Esime wamera ndevu? Inuyo amene muli nacho chimunacho, munazulapo zitsa zingati? Tandionetsani manja anu!” Anawabisa m'thumba. Madamu aja anali atatulukira pakhomo, ndiye ndinati, “Mawu anu munanena pamaso pa madamu awa. Chimuna chanucho n'chimenechi, kunena lero mawa n'kukana?” Ana anadzaza m'mawindo. Madamu akuti, “Mayi, mukusokoneza maphunziro.” Maphunziro a yani? A ana anu? Wanga munamusokonezera kale pa asembule.

A depute anaitana mlonda kuti anditulutse. Koma amene ananditulutsa si mlonda. Ndi Dalitso. Anandigwira nsalu ndi nsonga za zala, poti chikhatho sichikupindika, n'kunena motsitsa, “Amayi, tiyeni. Chonde, anthu akuyang'ana.” Ndinamuyang'ana kumaso. Kufulumira kuja kunali kutatha.

Tinabwerera kudzera m'tiyi. Kumunda wakumtunda anzanga anali akudulira, atawerama. Dalitso anaima, anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, “Amayi, dengu lanu lakale lija, lomwe mumasungiramo chinangwa, musataye. Mvula ikagwa ndikalembetsa kwa akapitawo. Tiyi safunsa zambiri.”

Ndinakhala pansi panjira pomwepo.

Agogo anga anachokera ku Mozambique wapansi kudzathyola tiyi ameneyu. Amayi anga anathyola mpaka msana unapindika. Ine ndikuthyola. Ntchitoyi sindiinyoza, ndi imene yatidyetsa. Koma ndinalumbira pamaliro a bambo ake kuti dengu lithera pa ine. Mwanayu ankati adzakhala dokotala, adzagwire pachipatala chathu chino kuti amayi a mu laini asamatukwanidwe pamzere. Anzake omunyoza aja analephera kumuchotsa maganizo amenewo zaka zonsezi. Aphunzitsi akwanitsa m'masabata awiri.

Ndiye ndikufunsa, ndipo ndikufuna mayankho pompano pagulu, osati kuseri. Ahedi, mukabwera kumsonkhano wanu wosathawo, mutiuze lamulo limene limati mwana wovulidwa buluku ndiye azilangidwa, ovulawo azikhala m'kalasi. Mutionetse pamene linalembedwa. Mutiuze ngati chinsinsi cha mwana chimaloledwa kukhala mutu wa pemphero pa asembule. A komiti ya makolo, timakusankhani chaka ndi chaka, mumadya nawo pa misonkhano, muli kuti? Awiri a inu munandiona ndikugubuduza chitsa Lamulungu, munangopatuka. Makope a mwana wanga abweza ndani? Masabata amene wataya, mayeso ali pafupi chonchi, amubwezera ndani? Ndipo ngati mwana ameneyu akukunyansani chotere, chikho chake chikutani pakabati panu?

Makolo anzanga, ine sindikukupemphani kuti mugwirizane ndi za Dalitso. Ganizani zimene mufuna, nanenso ndili ndi mafunso anga kwa Mulungu. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwana wanu wamkazi akadzapita kwa madamu amenewa kukanena kuti wina wamugwira, kapena kuti akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, mudzamva pa asembule. Muwauze ana anu asanakagogode pakhomo lotsegula lija.

Akundiuza kuti kuboma kuli ofesi yoona zamaphunziro. Ndikafikako, ngakhale wapansi. Akapitawo akandichotsa, andichotse.

Chitsa sindichotsa. Chikhala pakhomo pomwepo, muzichilambalala m'mawa uliwonse. China sitizula, ine kapena mwana wanga.

Dengu lakale lija ndaliphwanya madzulo ano. Ndasonkhezera moto, ndatenthetsa madzi, ndamuthowa manja. Anandiyang'ana nsungwi zikuyaka. Nditamaliza ndinamuikira cholembera pakati pa zala. Chinagwedera, koma sichinagwe.

Mawa 7 koloko Dalitso akubwera, atavala yunifolomu, ndi makope ake awiri. Akalowa m'kalasi n'kukhala pa desiki lake lakutsogolo. Ine mundipeza nditakhala pachitsa pakhomo panu, a depute, ndipo sindidzuka mpaka belu lomaliza. Amene akufuna kumutulutsa ayambe wandizula ine.